Kwa aphunzitsi amene afunsa za mafunso a olympiad

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu. Mwati ana anu a Fomu 3 amene amakhoza bwino masamu m'kalasi munawapatsa pepala la olympiad lomwe munalipeza pa intaneti, anakhala nalo masana onse osaphula kanthu, ndipo inunso linakuzunguzani mutu. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino muyambe mwawaphunzitsa calculus kuti akhale ndi zida zokwanira. Mundipirire, ndiyankha motalikirapo chifukwa nkhaniyi ndimaikonda.

Za calculus zisiyeni kaye. Mpikisano waukulu wa ana a sekondale padziko lonse, International Mathematical Olympiad, ambiri amangoti IMO, unayamba mu 1959 ku Romania ndi mayiko 7 okha, ndipo masiku ano mayiko amene amatumiza ana amaposa 100. Mafunso ake amachokera mu algebra, geometry, combinatorics (masamu a kuwerengera ndi kusanja zinthu) ndi number theory (masamu a manambala athunthu). Osankha mafunso amaonetsetsa kuti lililonse litheke popanda calculus. Mayeso amalembedwa masiku awiri, tsiku lililonse mafunso atatu okha m'maola anayi ndi theka, funso lililonse malikisi 7, onse pamodzi 42. Kakyuleta saloledwa. Mukawerengera bwino, funso limodzi amalipatsa ola limodzi ndi theka, ndipo amene akulembawo ndi ana asanu ndi mmodzi osankhika m'dziko lonse. Ndiye ana anu akakhala masana amodzi osapeza yankho, musafulumire kuganiza kuti alibe mutu wa masamu.

Chawagwetsa n'chakuti anazolowera funso lowauza lokha chida chogwiritsa ntchito. Pa MSCE mwana akaona triangle yokhala ndi mbali ziwiri ndi ngodya yapakati, amadziwa kale kuti apa ndi cosine rule, ntchito yatsala ndi kulowetsa manambala. Funso la olympiad limabisa chida. Komanso silikhutira ndi yankho lokha, limafuna umboni wakuti zimene mwanenazo n'zoona nthawi zonse.

Tengani funso loyamba penipeni la IMO ya 1959. Linati: onetsani kuti fraction ya (21n + 4)/(14n + 3) siingachepetsedwe, kaya n akhale nambala yanji yowerengera. Mwana wa m'kalasi amayamba kuyesa. n akakhala 1 apeza 25/17, akakhala 2 apeza 46/31, akakhala 3 apeza 67/45, n'kunena kuti "aphunzitsi, zikutheka." Pamenepo sanatsimikize kanthu, chifukwa manambala satha ndipo sangawayese onse. Yankho lenileni ndi la mizere itatu. Nambala iliyonse yogawa yapamwamba ndi yapansi iyeneranso kugawa 3(14n + 3) − 2(21n + 4). Mukatsegula mabulaketi mupeza 42n + 9 − 42n − 8, yomwe ndi 1. Nambala yogawa 1 ndi 1 yekha, ndiye nkhani yatha. Palibe chilichonse pamenepa chimene mwana wa Fomu 2 sadziwa. Chovuta ndi kuganizira zochotsa n uja kuti asowe.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi combinatorics, chifukwa siifuna silabasi ndipo ngakhale mwana amene amaopa algebra amalowerera. Jambulani bolodi ya timabokosi 64, mizere 8 uku ndi 8 uku, toyera ndi takuda mosinthana ngati bolodi ya chess kapena ya draft. Fufutani timabokosi tiwiri ta m'makona oyang'anizana chopingasa, titsale 62. Dulani timakatoni 31, kalikonse kokwana timabokosi tiwiri toyandikana. Funso: kodi timakatoni timeneti tingakwirire bolodi yonse, osasanjikizana ndiponso osatulukira kunja?

Apatseni katoni ndi sizasi ayesedi ndi manja. Adzayala, n'kutsala ndi timabokosi tiwiri totalikirana. Adzafwasula n'kuyambiranso, n'kutsalanso tiwiri. Musawauze kanthu. Pakapita nthawi mungofunsa kuti, "Titsalati n'tamtundu wanji?" Wina adzazindikira kuti nthawi zonse timatsala tamtundu umodzi. Apo ndiye pagona nkhani. Katoni kalikonse, mukaike chogona kapena choimirira, kamakwirira kabokosi kamodzi koyera ndi kamodzi kakuda. Timakatoni 31 tifunika toyera 31 ndi takuda 31. Koma makona awiri oyang'anizana aja amakhala amtundu umodzi, choncho patsala 30 amtundu wina ndi 32 amtundu winawo. N'zosatheka, ngakhale munthu atayala mpaka mawa. Mwana amene wapeza yekha zimenezi waphunzira kufunsa kuti, "Pa zonse zikusinthazi, n'chiyani chimene sichikusintha?" Funso limeneli limatsegula mafunso ambiri a mipikisano, ndipo dzina lake m'mabuku ndi invariant.

Chida china cha m'gawo lomweli ndi pigeonhole principle, chimene amachitchulanso ndi dzina la katswiri wa masamu Dirichlet. Pa anthu 13, awiri ayenera kuti anabadwa mwezi umodzi, popeza miyezi ilipo 12. Ana amaseka kuti izi n'zachibwana. Ndiye muwapatse ili: mu sikweya ya mamita 2 mbali iliyonse mwaikidwa madontho asanu paliponse, onetsani kuti pali awiri osatalikirana kuposa mamita √2. Kuseka kumatha. Koma mukadula sikweyayo m'timasikweya tinayi ta mita imodzi, madontho asanu sangakwane limodzilimodzi, awiri agwera m'kamodzi, ndipo mtunda wautali kwambiri m'kasikweya kameneko ndi diagonal yake, √2. Luso lili posankha mabokosi, chifukwa funso silikuuzani kuti mudule.

Ku geometry ndiko kuli yankho lina la funso lanu la calculus. Mayi ali pamunda, mamita 30 kuchokera kumtsinje wowongoka. Nyumba yake ili tsidya lomwelo, mamita 50 kuchokera kumtsinje, ndipo motsata mtsinje malo awiriwa atalikirana mamita 60. Akufuna akatunge madzi kenako apite kunyumba. Atungire pati kuti ulendo ufupike? Wodziwa calculus amalemba √(900 + x²) + √(2500 + (60 − x)²), n'kupeza derivative, n'kulimbana ndi ma square root tsamba lonse. Afikadi, sindikukana. Wa geometry amatenga mtsinje ngati galasi n'kujambula chithunzi cha nyumbayo tsidya linalo, mamita 50 kuchokera kumtsinje. Kuchokera pamalo alionse a m'mphepete mwa mtsinje, mtunda wopita kunyumba yeniyeni ndi wofanana ndi wopita kuchithunzi chija. Choncho ulendo waufupi ndi mzere wowongoka kuchokera pamunda kukafika pachithunzi. Yatuluka triangle ya mbali 60 ndi 80, Pythagoras akutipatsa 100. Ulendo ndi wa mamita 100, ndipo similar triangles zikuonetsa kuti atungire mamita 22.5 kuchokera pamalo oyang'anizana ndi munda. Nzeru imeneyi ndi ya Heron wa ku Alexandria, amene anakhalapo zaka zoposa 1,500 Newton ndi Leibniz asanatulukire calculus.

Geometry ya mipikisano yambiri imayenda chomwecho, munthu amawonjezera mzere kapena dontho limene funso silinajambule. Nkhani yabwino n'njakuti ma circle theorem amene mukuphunzitsa kale ndiwo maziko ake. Cyclic quadrilateral, ngodya za mu segment imodzi, tangent ndi chord, zonsezi ana anu ali nazo m'makope. Chimene sanazolowere ndi kusaka okha madontho anayi okhala pa circle imene palibe anaijambula. Auzeni ajambule zithunzi zazikulu, theka la tsamba, ndi kampasi ndi rula, osati kakang'ono kapangodya ya pepala. Chithunzi cholondola chimaulula zinthu, ngakhale kuti pachokha si umboni.

Algebra sindichedwapo. Yambani ndi mfundo imodzi: sikweya ya nambala siikhala negative. Kuchokera pa (√a − √b)² ≥ 0 mupeza a + b ≥ 2√(ab) pa manambala a positive. Lembani zomwezo pa b ndi c, komanso pa c ndi a, muchulukitse zonse zitatu, mupeza (a + b)(b + c)(c + a) ≥ 8abc. Mwana akaona mzere womalizawu poyamba amachita mantha, pomwe wachokera pa kanthu kamene anaphunzira Fomu 2. Ma functional equation adzabwere pambuyo, ana akazolowera kulemba umboni.

Tsono calculus ili ndi kwawo, ndipo sindikuinyoza ayi. Imapezeka m'mipikisano ya ophunzira a ku yunivesite, monga William Lowell Putnam Mathematical Competition ya ku America ndi Canada, yomwe inayamba mu 1938. Kumeneko mafunso ndi 12, malikisi 120, ndipo zaka zambiri theka la olemba sapitirira malikisi awiri kapena atatu. Funso limodzi la mu 1968 ndimalikonda chifukwa likukhudza nambala imene tonse tinakula nayo. Linati onetsani kuti integral ya x⁴(1 − x)⁴/(1 + x²), kuchokera pa 0 kufika pa 1, ndi 22/7 − π. Mukachita long division mupeza x⁶ − 4x⁵ + 5x⁴ − 4x² + 4 − 4/(1 + x²). Zigawo zisanu zoyambazo zikupereka 1/7 − 2/3 + 1 − 4/3 + 4, yomwe ndi 22/7, ndipo chomalizacho chikupereka −π. Popeza chimene tikuchita integrate ndi cha positive pakati pa 0 ndi 1, ndiye kuti 22/7 ndi yaikulu kuposa π. Ana ambiri amamaliza Fomu 4 akukhulupirira kuti ziwirizi n'chimodzi. Amene akutenga Additional Mathematics mungawaonetse akafika pa integration, ngakhale chigawo cha 4/(1 + x²) chingafune kuti muwathandize. Taonani kuti ngakhale apa ntchito yaikulu yagwiridwa ndi long division.

Za kayendetsedwe ka kalabu, ndinena zimene ndaona kuti zimathandiza. Funso limodzi kapena awiri pa sabata n'zokwanira. Lilembeni pabolodi Lolemba, mukambirane Lachisanu, ndipo pakatipo yankho mulibise ndithu, ngakhale akuchondelereni. Mwana wowerenga yankho asanavutike nalo amagwedeza mutu kuti wamva, koma mukamupatsa funso lofanana nalo sabata yamawa amayambiranso kuyang'ana kudenga. Aphunzitseni kuyesa timanambala ting'onoting'ono kaye, n akhale 1, 2, 3, kuti aone kumene zinthu zikulowera, kenako afunse chifukwa chake. Lachisanu mwana mmodzi aimirire pabolodi afotokoze, anzake ntchito yawo ikhale kumufunsa kuti "wadziwa bwanji?" pamzere uliwonse. Pochonga muziona malembedwe a umboni, chifukwa ku mipikisano yankho lolondola lopanda kufotokoza limapeza malikisi ochepa kwambiri, mwinanso osapeza n'komwe. Ndipo inuyo musachite manyazi kunena pamaso pawo kuti funso ili simunalimalize. Ana amalimba mtima akaona aphunzitsi nawonso akufufuta ndi kuyambiranso.

Pepala munawapatsalo mwina linali lolemera kwambiri poyambira. Mafunso onse akale a IMO ali pa webusaiti yawo kwaulere, koma kumeneko mungatengeko a zaka zoyambirira, kapena oyamba a tsiku lililonse, nambala 1 ndi 4, amene kawirikawiri amakhala opepukirapo. Nambala 3 ndi 6 asiyeni. Funso 6 la mu 1988 ku Canberra, lonena kuti pa manambala owerengera a ndi b, ngati ab + 1 imagawa a² + b² ndiye kuti zotsatira za kugawako ndi perfect square, analimaliza bwinobwino ndi ana 11 okha. Katswiri wotchuka wa masamu Terence Tao, amene anapata mendulo yagolide chaka chimenecho ali ndi zaka 13, sanali m'gulu la 11 amenewo. Poyambira pabwino ndi mapepala a ndime yoyamba ndi yachiwiri a South African Mathematics Olympiad, kenako a Pan African Mathematics Olympiad, mpikisano wa African Mathematical Union umene unayamba mu 1987. IMO yeniyeniyo inachitikirapo ku Cape Town mu 2014. Atsikananso musawasiye kunja kwa kalabu. Maryam Mirzakhani wa ku Iran anapeza malikisi onse 42 pa IMO ya 1995, ndipo mu 2014 anakhala mkazi woyamba kulandira Fields Medal, imodzi mwa mphoto zapamwamba kwambiri za masamu.

La sabata yoyamba ndikupatseni ili, linatulukapo pa Putnam mu 1953. Pa anthu asanu ndi mmodzi alionse, onetsani kuti pali atatu odziwana onse, kapena atatu amene palibe akudziwana ndi mnzake. Ana ajambule madontho 6, odziwana awalumikize ndi cholembera chofiira, osadziwana ndi chabuluu. Akakanirira, auzeni asankhe munthu mmodzi n'kuyang'ana mizere isanu yochokera kwa iye. Amene amalize msanga muwafunse ngati zikuthekanso ndi anthu asanu okha, ndipo ayese kuwakhazika mozungulira, aliyense akudziwana ndi oyandikana naye awiri basi. Zimene ana anu adzalembe mudzaziike pagulu pano tidzachongere limodzi.