Tipa ikulephera kukweza mchenga masana: kodi ndigule pampu ina?

Funso: Ndili ndi lole ya tipa yomwe ndimanyamulira mchenga ndi kwale. M'mawa imakweza bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo imakweza mozengereza, nthawi zina imaima pakatikati, ndipo pampu imalira ngati muli timiyala. Amakaniko ena akuti ndigule pampu yatsopano. Kodi nditero?

Yankho: Bambo, musafulumire kutulutsa ndalama, chifukwa kawirikawiri pampu imachotsedwa ilibe mlandu, ndipo yatsopano ikamangidwa vuto lenileni lisanapezeke, nayonso sikhalitsa.

Pampu ya hayidiroliki ya matipa ambiri imakhala ndi magiya awiri olumana omwe amazungulira m'kabokosi kothina, ndipo imatenga mphamvu ku giyabokisi kudzera pa PTO, kachipangizo komangidwa pa giyabokisiyo kuti kaziyendetsa pampu. Mano a magiyawo akamasiyana kumbali yolowera, pamatsala mpata womwe oyilo wochokera m'thanki amadzazamo. Oyiloyo amanyamulidwa pakati pa mano ndi khoma la kabokosi, ndipo mano akamalumananso mbali inayo amamufinyira kunja kupita ku silinda, yomwe imakankha tipa kuti ikwere. Ntchito ya pampu ndi kuyendetsa oyilo basi. Pulesha imabadwa oyiloyo akakumana ndi cholemera, monga mchenga wanuwo, n'chifukwa chake pampu yotha imatha kukweza tipa yopanda katundu n'kukupusitsani kuti ili bwino.

Yambani ndi kulirako, pakuti kukusonyeza kuti pampu ikuperewedwa oyilo kapena ikumeza mpweya. Silinda ikamatambasuka imatenga oyilo wambiri m'thanki, choncho ngati analimo wochepa, pampu imayamba kukoka mpweya tipa isanafike pamwamba, ndipo mpomwe imaimira pakatikati. Mukatsitsa, suzumirani m'thanki. Mukaona thovu koma oyilo ali wokwanira, mpweya ukulowa pa payipi yokokera yomwe yamasuka kapena kung'ambika, mwinanso pa seal (mphira wotchinga kudontha) ya shafuti ya pampu. Ngati thovu mulibe, tsukani sefa ya m'thanki, finyani payipi yokokerayo kuti muone ngati sinafewe mpaka kumadzitsina yokha, ndipo musaiwale kachivindikiro kopumira, komwe fumbi la ku kwale limakonda kukatseka. Pampu ikamakoka movutikira, mu oyilo mumapangika timathovu tomwe timaphulika tikafika mbali ya pulesha, ndipo timakumba chitsulo pang'onopang'ono. Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti walowa madzi, ndipo ayenera kuchotsedwa.

Zoti mphamvu imathawa masana zili ndi chifukwa chake. Oyilo akatentha amasungunuka, ndipo amazembera mosavuta m'mipata ya magiya operepeseka m'malo mopita ku silinda. Komatu relief valve, yomwe imabwezera oyilo m'thanki pulesha ikapyola muyezo, nayonso imachita zomwezo kachitsotso kakailepheretsa kutsekeka, ndipo imatenthetsa oyilo kwambiri. Akapitirira madigiri 80 a Celsius, ma seal amayamba kuuma. Maso okha sangasiyanitse mavuto awiriwa. Makaniko amange geji yoyezera pulesha pa payipi yotulukira ku pampu, ayeze oyilo ali wozizira, ayezenso atatentha, atsuke valavuyo, kenako afananitse ndi muyezo wa opanga makinawo. Musalole kuti wina angomangitsa valavuyo mongoyerekeza, chifukwa mapayipi amaphulikira pomwepo.

Geji ikatsimikiza kuti pampu yatha, makamaka mukapeza tizidutswa ta chitsulo m'sefa, tsukani thanki ndi mapayipi musanamange ina, onetsetsani kuti yatsopanoyo imazungulira mbali yofanana ndi PTO yanu, ndipo thirani oyilo wa hayidiroliki weniweni, monga ISO VG 46 kapena 68 malinga ndi malangizo a opanga, osati wakuda wochotsedwa mu injini. Pogwira ntchito yonseyi, munthu asalowe pansi pa tipa yokwezedwa popanda mchirikizo wachitsulo, ndipo pofufuza pamene pakudontha gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja, chifukwa oyilo wotuluka ndi pulesha pa kabowo kakang'ono amaboola khungu.