Kanyimbi ndi nkhaka ya m'nyanja: kodi zimadziteteza mofanana?

Owerenga athu ena atilembera imelo kufunsa kuti: "Ndamva kuti kunyanja yamchere kuli kachilombo kodziteteza potulutsa zinthu kumbuyo ngati kanyimbi. Kodi ndi pachibale?"

Ayi, achimwene, palibe chibale. Kanyimbi, Ictonyx striatus, ndi nyama yoyamwitsa yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, yosaka mbewa, tizilombo, njoka ndi mbalame usiku. Kachilombo mukunenako ndi nkhaka ya m'nyanja, nyama yooneka ngati nkhaka yomwe ilibe msana, maso kapena ubongo. Mitundu yake ndi yoposa 1,000, ndipo musaifune m'nyanja ya Malawi chifukwa imakhala m'madzi amchere okha. Titenge mtundu wina wakuda, Holothuria leucospilota, wopezeka m'madzi osaya m'gombe la Mozambique ndi Tanzania. Nkhakayi imameza mchenga n'kugaya tizakudya towola tam'menemo.

Kanyimbi sayamba n'kupopera. Amadzutsa ubweya, kupinda msana, kuimika mchira ndi kukuwa. Mdani akakakamira, amamufulatira n'kumuthira madzi onunkha ochokera m'timatumba tiwiri ta pamphepete pa kotulukira chimbudzi. Zikakanika amadzifetsa. Madziwo ndi amafuta, n'chifukwa chake galu wothiridwa sasiya kununkha mukamusambitsa ndi madzi okha. Pamafunika sopo, kangapo. Madzi onunkhawo akalowa m'maso amawawa ndi kuchititsa khungu kwa kanthawi, choncho yambani n'kutsuka maso ndi madzi oyera ambiri.

Za nkhakayi n'zimene zimatichititsa chidwi. Iyo imapumira kumbuyo: imakoka madzi kudzera kotulukira chimbudzi kupita ku ziwalo zanthambi ngati mtengo, zomwe ndiwo mapapo ake. Patsinde pa ziwalozo pali timachubu toyera. Nkhanu kapena nsomba ikaiputa, nkhakayi imadzifinya mpaka khoma lamkati kung'ambika, timachubuto n'kutuluka. Timatalika ngati ulusi, timamata ngati ulimbo, mdani n'kukodwa, mwini wake akukwawa kuchoka. Taganizirani, kudzing'amba kuti upulumuke! Timachubu tatsopano timamera pakapita masabata angapo.

Kusiyana kwenikweni kuli pamenepa. Kanyimbi amachenjeza, amalunjika, ndipo amataya madzi chabe. Nkhaka imataya chiwalo. Ndiye mukaipeza m'gombe, chonde musaifinye pofuna kuona ulusiwo, mumailanda chitetezo popanda chifukwa. Ulusi ukakumatani m'manja, dikirani uume kenako muusende, ndipo musagwire m'maso musanasambe, poti thupi la nkhakayi lili ndi poizoni wotchedwa holothurin yemwe amavulaza maso.