Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chitchaina? Yankho kwa mtsikana wa ku Kapata

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Kapata amene wangolemba kumene mayeso a Giredi 12. Akufuna kukaphunzira za malonda a pakati pa mayiko ku yunivesite, ndipo mtima ukumuuza kuti awonjezerepo chilankhulo chakunja. Atate ake akuti kumeneko n'kutaya nthawi, Chingerezi n'chokwanira, angochita za akaunti basi. Ndiye akufunsa: kodi atate akunena zoona? Ngati ayi, chilankhulo chake chikhale chiti?

Achemwali, atate anuwo musawatsutse msanga. Palibe kampani imene imalemba munthu ntchito chifukwa chodziwa kupereka moni m'Chifalansa. Imafuna munthu wotha kuwerengera mtengo wa thumba la soya kuchokera kwa mlimi wa ku Lundazi mpaka pa doko, osaiwala mayendedwe, msonkho ndi kusinthasintha kwa kwacha. Imafuna wodziwa kusiyana kwa FOB ndi CIF: pa FOB wogulitsa amapuma katundu akangokwezedwa m'sitima, pomwe pa CIF amalipiranso ulendo wa panyanja ndi inshuwalansi mpaka doko lofikira. Malamulo amenewa amatchedwa Incoterms, amalembedwa ndi International Chamber of Commerce, ndipo atsopano ake ndi a 2020. Onjezerani letter of credit (kalata ya banki yotsimikizira wogulitsa kuti adzalipiridwa), satifiketi yosonyeza dziko limene katundu wachokera, ndi kalowetsedwe ka katundu mu ASYCUDA, pulogalamu ya pakompyuta ya kasitomu imene ZRA imagwiritsa ntchito. Apa ndi pamene pali malipiro. Mukafooka pa zimenezi, chilankhulo sichidzakupulumutsani.

Pamene ndikusiyana nawo ndi poti Chingerezi n'chokwanira. Zambia ilibe nyanja, ndipo yazunguliridwa ndi mayiko 8. Ku Congo ntchito za boma zimayenda m'Chifalansa, ku Angola ndi ku Mozambique m'Chipwitikizi, ku Tanzania Chiswahili ndiye mwini bwalo. Katundu wathu amadutsa m'manja mwa anthu amenewa asanafike ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala.

Kwa mwana wa Kum'mawa kuno, ine ndikuti Chipwitikizi, ngakhale ambiri sachiganizira n'komwe. Mukadutsa Katete n'kukhotera ku Chanida, mwafika kale pa khomo la Mozambique, msewu wolowera ku Tete mpaka Beira. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010, inamangidwa n'cholinga chotilumikiza ku doko la Nacala kudzera m'Malawi. Wina anena kuti nanga si ku Tete amamva Chinyanja? Inde amamva, ndipo pa Kulamba ku Mkaika timaona ndi maso Achewa a mayiko atatu akucheza popanda womasulira. Chinyanja chanucho chidzakupezerani malo ogona, chakudya, ngakhale mnzanu wokutsogolerani m'tauni. Koma fomu ya kasitomu, pangano la nyumba yosungiramo katundu, kalata ya ku banki, chindapusa cha wapolisi wa pamsewu, zonsezo zimabwera m'Chipwitikizi. Lole ikaima masiku pa doko chifukwa cha pepala limodzi losamveka, ndalama zimawonjezeka tsiku lililonse, ndipo munthu wotha kuimba foni n'kumvana ndi kalaliki wa ku Beira m'chilankhulo chake amakhala wofunika kuposa mwini loleyo. Anthu otere kuno ndi osowa, ndipo kusowa kwawoko ndiye mwayi wanu. Chilinso ndi ubwino wina: chimalembedwa ndi zilembo zimene mukuzidziwa kale, ndipo chikakhazikika chimakutsegulirani Angola ndi Brazil.

Chifalansa n'cha munthu amene maso ake ali pa maofesi akuluakulu. COMESA, imene inakhazikitsidwa mu 1994, likulu lake lili mu Lusaka momwemu, ndipo Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo zake zogwirira ntchito. Ku SADC nakonso chilipo pamodzi ndi Chingerezi ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 anawonjezerapo Chiswahili. African Development Bank ili ku Abidjan, m'dziko la Côte d'Ivoire lolankhula Chifalansa. Ndiponso Congo imagula kwambiri ufa ndi zakudya zina za kuno kudzera pa Kasumbalesa, ngakhale kuti mukalowa mumsika wa ku Lubumbashi mumva Chiswahili kuposa Chifalansa. Njira yophunzirira ndi yosavuta kuipeza: ku UNZA amaphunzitsa, Alliance Française ili mu Lusaka, ndipo satifiketi ya mayeso a Chifalansa otchedwa DELF ndi ya moyo wonse.

Chitchaina ndi chimene achinyamata ambiri akuthamangira, poona makampani omanga misewu ndi a migodi. Confucius Institute ya pa UNZA, yophunzitsa Chitchaina, inayamba mu 2010, ndipo mayeso ake ndi HSK. Sindikukuletsani, koma dziwani kuti kulankhula ndi nkhani ina, kuwerenga ndi nkhani inanso, pakuti zilembo zofunika kuloweza ndi masauzande. Chitchaina chongodziwa mwatheka chimangosangalatsa abwana pa tebulo, sichiwerenga invoisi ya ku Guangzhou. Chisankheni ngati mwakonzeka kuchipatsa zaka, makamaka ngati mungapeze mwayi wokakhala ku China komweko.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi: sankhani chimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo chimodzicho muchifikitse pa mlingo umene a ku Ulaya amautcha B2, pamene munthu amatha kutsutsana pa mtengo, kulemba kalata yodandaula ndi kumva nkhani za pawailesi popanda kutuluka thukuta. Mawu akuti "ndimadziwako pang'ono" pa CV sawerengedwa. Pepala la mayeso odziwika, monga DELF, HSK kapena a CAPLE a Chipwitikizi, ndi limene limalankhula.

Za kusankha sukulu, musakopeke ndi dzina lokongola la kosi. Pemphani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, muone ngati chilankhulocho chikuphunzitsidwa mpaka chaka chomaliza kapena n'chongolawitsa m'chaka choyamba. Onaninso ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi Higher Education Authority, ndipo ngati mukudalira ngongole ya ophunzira ya boma ya HELSB, funsani ngati imalipirira sukulu imeneyo musanalipire kalikonse. Ngati kosi yophatikiza zonse ziwiri palibe, si vuto: chitani digiri ya bizinesi kapena akaunti, monga ku Copperbelt University kapena Mulungushi, chilankhulo muzichiphunzira madzulo ndi pa holide. Njira imeneyi ingawakhazikenso mtima pansi atate anu, chifukwa akaunti yawo ija siikutayika.

Muli ndi mwayi umene mnzanu wa ku Lusaka alibe: boda ya Mwami ili pafupi. Pa holide kapempheni kuthandiza kwa ma clearing agent, amene amathandiza amalonda kudutsitsa katundu pa kasitomu, ngakhale kungonyamula mafaelo. Mudzaona mmene amayi ogulitsa nshawa ndi zitenje amadutsira ndi fomu yachidule ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, imene imalola katundu wosapitirira madola 2,000, ndi chifukwa chake lole yaikulu imafunsidwa mapepala ochuluka. Zomasulira za pafoni zigwiritseni ntchito pofufuza mawu, koma musasaine pangano modalira izo, chifukwa zikalakwitsa wolipira ndinu.

Pokalankhula ndi atate, musapite ndi mawu oti mumakonda zilankhulo. Pitani ndi pepala: dzina la digiri, chilankhulo chimodzi, mayeso amene mudzalembe m'chaka chachitatu, ndi mtengo wake wonse. Ngati mwasankha Chipwitikizi, yambani mwezi uno kumvera Rádio Moçambique pa intaneti, mphindi 20 patsiku, ndipo mukapeza dalaivala wa ku Tete pamalo oimika malole, mupempheni akuwerengereni manambala kuyambira 1 mpaka 100.