Musamutumizire ndalama munthu ameneyo

Achimwene, imani kaye, musatumize ndalamayo. Nditangoona kuti mwalemba m'gulu lino zoti wina akukutsatsani malo otchipa okwera Just Jane, ndege yakale yankhondo ya mtundu wa Lancaster imene imakweza anthu ikuyenda pansi ku East Kirkby kuno ku England, mtima wanga wangoti myu, chifukwa ine zinandionekera chaka chatha ndipo mpaka lero zikundiwawabe.

Bambo anga anabwera kudzationa kuno kwa miyezi itatu. Iwowa anagwira umakaniko wa malole ku Limbe moyo wawo wonse, munthu woti injini ikangolira amadziwa chavuta asanatsegule boneti. Nditawauza kuti kufupi ndi kwathu kuli Lancaster ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yomwe mainjini ake onse anayi a Merlin amalirabe, sanagone. Ankangondifunsa kuti masilinda 12 pa injini imodzi, malita 27, amazizira bwanji amenewo? Ndiye kunapezeka mkulu wina pa Facebook, wolankhula mwaulemu, wa "dzina la Ambuye" pakamwa, akuti anagula malo awiri koma mkazi wake wadwala. Ndinamutumizira mapaundi 300. Ndalama ya mashifiti a usiku imeneyo, abale.

Tsikulo bambo anadzuka 5 koloko, nsapato kupolisha, jekete la ku tchalitchi. Tinafika, mayi wa pa desiki anayang'ana m'buku, anayang'ananso pa kompyuta, dzina lathu palibe. Ndinamuonetsa kalata ya pa foni ija. Anangopukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti imeneyo si yochokera kwa iwo. Ndinaimba nambala ya mkulu uja kasanu ndi kawiri ndili chiimire pakhomo pomwepo, kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo. Foni yothima. Pa Facebook anali atandibuloka kale. Bambo anaima pambali atagwira chipewa ndi manja awiri, osalankhula kanthu. Kenako anati, "Mwanawe, usavutike, tingoimva kulira." Bwenzi atandikalipira zikanakhala bwino.

Tinalipira zolowera wamba n'kukaima kuseri kwa chingwe. Anzathu amene anagula malo enieni tinawaona akukwera pa kakhomo kakumbuyo mmodzimmodzi. Injini yoyamba inatsokomola, utsi kuti phwa, kenako yachiwiri, yachitatu, yachinayi, mpaka nthaka inayamba kunjenjemera m'mapazi ndipo udzu unagona chagada kumbuyo kwa ndege. Ndinatembenuka kuti ndiwapepese bambo, ndinapeza atatsinzina, mutu atapendeketsa, chala chikugogoda pa chipewa ngati akuwerenga masilinda. Misozi inandituluka ine, bambo wa ana awiri, pagulu. Iwe wakuba iwe, ngati uli m'gulu lino ndi dzina lina, dziwa kuti unabera nkhalamba yomwe mwina sidzapondanso kuno. Ndalamayo sinandipweteke ngati jekete lija.

Ndipo chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti anthu otere amadya pa thukuta la banja lomwe linavutikira ndegeyi. Muwerenge zikwangwani za mu hangala mukapita. Inapangidwa ndi kampani ya Austin ku Longbridge mu Epulo 1945, yoti ikamenye nkhondo ku Japan, koma nkhondo inatha isanapite. Asilikali a pamadzi a ku France anaitenga mu 1952, inakafika mpaka ku chilumba cha New Caledonia m'nyanja ya Pacific, n'kubwerera ku England mu 1965. Kenako inakhala zaka zambirimbiri pa geti la bwalo la ndege zankhondo la RAF Scampton, ikunyowa ndi mvula ngati chikwangwani. Amene anaipulumutsa ndi alimi a nkhuku awiri apachibale, Fred ndi Harold Panton. Anaigula mu 1983 pokumbukira mchimwene wawo Christopher, yemwe anafera mu ndege ina yankhondo ya mtundu wa Halifax pa ulendo wokaphulitsa mzinda wa Nuremberg ku Germany mu Malichi 1944, usiku umene ndege 95 sizinabwerere. Christopher anali injiniya wa m'ndege, woyang'anira mainjini. Bambo atamva zimenezo anavula chipewa kachiwiri.

Pa ma Lancaster 7,377 amene anapangidwa, owuluka lero atsala awiri okha, ina ya ku bwalo la RAF Coningsby pafupi ndi East Kirkby, ina ku Hamilton ku Canada. Just Jane imangoyenda pansi, koma nyengo yozizira iliyonse amaimasula, kuchotsa zitsulo zodyeka, kukhoma zatsopano, kuti tsiku lina idzakhale yachitatu. Ndalama ya okwera ija ndi imene imathandiza ntchito imeneyo. Ndiye mukaona mtengo wake musati akuba, wakuba ndi uja akukuuzani theka.

Choncho gulani kwa eni ake a ndegeyo basi, pa webusaiti yawo kapena muwaimbire foni, ndipo muyambe msanga chifukwa malo amatha miyezi isanakwane. Komabe ngati munthu amene mukumudziwa nkhope, wa ku tchalitchi kapena wa kuntchito, alidi ndi malo oti sakwanitsa kupita, musawasiye, ingoyambani mwafunsa ku ofesi ngati dzina lingasinthidwe musanatulutse khobidi. Ngati mukutenga achikulire dziwaninso kuti mkatimo ndi mopanikiza, pali chitsulo chachikulu cha mapiko chodutsa pakati choti udumphe chokwawa. Bambo ndi bondo lawo lija sindikudziwa akanatani. Kunena zoona mainjini amamveka bwino ukakhala panja, ndipo kungoonerako n'kotchipa kwambiri. Fufuzani tsiku limene akuiyendetsa, si tsiku lililonse ayi, ndipo mutenge jekete lolemera, mphepo ya ku Lincolnshire ilibe chisoni. Ine ndikusungabe ndalama, akadzapezanso viza ndikawakweza ndithu.