Kusintha timing belt ndi water pump pa Hilux ya injini ya 3L

Achimwene, mwafunsa ngati mungathe kusintha nokha timing belt ndi water pump pa Hilux yanu ya dizilo ya 3L. Mungathe ndithu, bola mukhale ndi zida komanso musapupulume. Lamba wa timing ameneyu, amene amayendetsa camshaft ndi pampu ya dizilo mogwirizana ndi crankshaft, amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu. Pamenepo ndalama zake si zamasewera.

Pampu yamadzi imazunguzidwa ndi lamba wa fani, koma kuti muifikire muyenera kuchotsa chivindikiro cha timing, choncho sinthiranitu limodzi. Tensioner ndi idler, timawilo tomwe timakunga ndi kuwongolera lamba wa timing, nazonso musasiye zakale. Mukaona mafuta akuchucha pa seal ya crankshaft kapena camshaft, ikani yatsopano, chifukwa mafuta amadya lamba.

Chimene chimavutitsa anthu ndi bawuti ya pulley ya crankshaft. Ndi yolimba zedi, ndipo pulley yake imafuna puller, chida choizulira. Osaikhoma ndi hamala.

Musanavule lamba wakale, linganizani zizindikiro zitatu: pa crankshaft, pa camshaft ndi pa pampu ya dizilo. Zijambuleni pafoni. Mukaika watsopano, zunguzani injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu, kenako muonenso zizindikirozo. Dzino limodzi la lamba likalumpha, bwerezani. Ikalimba pozunguza, osakakamiza, vulani muyambirenso.

Pokhazika pampu yamadzi, palani gasiketi yakale mpaka pasalale. Thirani coolant, osati madzi apampopi okha, ndipo tulutsani mpweya heater ili yotsegula. Kagetsi ka T-BELT, kokumbutsa kusintha lamba, kamazima mukadina kabatani kobisika kuseri kwa kalabala ka pa speedometer.