Kwa achemwali ofuna makalata, zithunzi ndi nyimbo za nthawi ya Nyasaland

Achemwali, mwafunsa komwe mungapeze makalata, zithunzi ndi nyimbo zakale za dziko lino, poti mukufuna kulemba mbiri ya agogo anu aamuna amene anali mphunzitsi wa mishoni. Musanakwere basi, kakhaleni kaye pamphasa ndi azakhali kapena amalume amene akadali moyo. Akuuzeni mishoni yake, zaka zake, ndi momwe azungu ankalembera dzina la agogowo. Mapepala athu anamwazikana potsatira amene ankagwira cholembera, ndiye mukadziwa mishoni mwadziwanso khomo loyenera kugogoda.

Koyambira ndi ku Zomba, ku National Archives of Malawi. Nkhokwe imeneyi inatsegulidwa mu 1947 ndipo inatsala komweko likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Muli mafayilo a boma la atsamunda, zolemba za ma DC, nyuzipepala zakale ndi mapepala ena a mamishoni. Koma dziwiranitu kuti mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, mapepala ambiri a zaka zam'mbuyomo n'kupsera momwemo. Choncho mukasowa kanthu ka zaka za m'ma 1900 koyambirira, musaganize kuti akukubisirani. Tengani chitupa chanu, konzekerani masiku angapo, ndipo muwafotokozere ogwira ntchito kumeneko nkhani yanu yonse, chifukwa iwowo amadziwa mashelefu kuposa kaundula.

Zimene zinapsazo zina mungazipeze ku London. Makalata amene bwanamkubwa ankatumiza ku Britain amasungidwa ku National Archives ya ku Kew, m'gulu lotchedwa CO 525. Za mishoni nazo zili kwa eni ake. Ngati agogo anali a Livingstonia kapena Blantyre, lemberani National Library of Scotland ku Edinburgh. Ngati anali a Nkhoma, makalata ambiri ali ku Stellenbosch, ku South Africa, ndipo mudzafuna wokuthandizani kuwerenga Chiafrikaans. A ku Likoma, a mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA aja, mapepala awo ali ku Oxford. Yambani ndi imelo yokhala ndi dzina, malo ndi zaka.

Pa zithunzi, pitani ku Mandala House ku Blantyre, nyumba ya mu 1882 ija, komwe kuli laibulale ya Society of Malawi. Chimene chimandipweteka mtima pa zithunzi za nthawi imeneyo n'chakuti kawirikawiri mzungu amatchulidwa dzina, pamene makolo athu amene aima pambali pake amangolembedwa kuti ndi aphunzitsi kapena onyamula katundu. Mwina agogo anu alimo koma opanda dzina. N'chifukwa chake mukaona chithunzi cha mishoni yawo, pemphani kope mukawaonetse akuluakulu kumudzi. Maso awo angazindikire nkhope imene kaundula anaisiya.

Nyimbo ndiye zili kutali kuposa momwe ambiri amaganizira. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba bangwe, kalimba, ng'oma ndi nyimbo za pamtondo. Zonsezo zili ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954, ndipo pano ili pa Rhodes University ku Makhanda, ku South Africa. Ubwino wake, iye ankalemba dzina la woimba, dera ndi chilankhulo, kotero mutha kufunsa za boma la kwanu lenilenilo. Ku MBC nakonso kuli matepi akale, kafunseni.

Mukapita kwa azakhali kuja, musaiwale foni. Apempheni ayimbe nyimbo zimene agogo ankaphunzitsa ana kusukulu, muwajambule, ndipo mufunsenso ngati m'nyumbamo mulibe sutikesi yakale. Zikalata za ubatizo ndi makalata ochokera ku Joni nthawi zambiri zimakhala m'menemo, zitapindidwa m'kati mwa Baibulo. Mukamva dzina la mishoni mundiuze, ndikuthandizani kulemba imelo yoyambayo.