Pampu ikulira koma madzi osatuluka: musathamangire kugula yaikulu

Bambo wina wa ku Makeni, mu Lusaka, wandilembera kuti pampu yawo ya 1 HP (HP ndi muyeso wa mphamvu ya mota), yotunga madzi pachitsime kukathira m'thanki, yayamba kumangolira osatulutsa kanthu chiyambire Seputembala. Kusitolo awauza kuti agule ya 2 HP. Akufunsa ngati agule.

Bambo, ndalamazo sungani kaye. Malangizo amenewa amandinyansa, chifukwa amachokera pa maganizo oti pampu imayamwa madzi ngati munthu womwa ndi kaphesi, ndiye kuti yamphamvu iyamwa patali. Ayi ndithu. M'kati mwake muli impela, chimbale cha mapiko opindika chimene mota imachizunguza maulendo pafupifupi 2,900 pa mphindi. Madzi amalowera pakati pa impela, mapiko n'kuwaponyera m'mbali mwaliwiro, monga matope amathothokera pa tayala la njinga. Chigoba chokuta impela chimanka chitambasuka ngati cha nkhono, madzi n'kuchepetsa liwiro, liwirolo n'kusanduka mphamvu yokankha m'paipi. Pakati pa impela pamatsala mpata, ndipo chimene chimakweza madzi a m'chitsime kudzatseka mpatawo ndi kulemera kwa mpweya umene wawatsamira pamwamba.

Apa ndiye pagona nkhani. M'mbali mwa nyanja yamchere mpweya umakweza madzi mamita 10.3 basi. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280, mpweya wake ngopepukirako, choncho malire amatsika kufika pafupi ndi mamita 9. Mukachotsapo zotayika m'paipi, m'mabendi ndi mu foot valve (valavu ya kumapeto kwa paipi m'chitsime, yoletsa madzi kubwerera pansi), mutsala ndi 6, mwina 7 zonse zikakhala bwino. Mota ikhale ya 1 HP kaya ya 5 HP, malirewo sasuntha. Nanga si miyezi ino ya Seputembala mpaka mvula itagwa ndi imene madzi a m'zitsime amatsika kwambiri?

Mdani wina ndi mpweya ukalowa m'pampu. Madzi amalemera kuposa mpweya kuwirikiza pafupifupi ka 800, ndiye impela ikazungulira mopanda madzi siponya kanthu. Koipitsitsa n'kuisiya ikulira choncho. Mechanical seal, imene imatseka madzi pa shafuti, imazizira ndi madzi omwewo, ndipo ikauma imapsa pa mphindi zochepa. Pampu zambiri muno zimafa motere: magetsi athima switchi ili yoyatsa, madzi abwerera pansi, magetsi abwera usiku anthu ali m'tulo. Zoyendetsera pa jeneleta yotopa nazo n'zina. Liwiro likatsika ndi theka, msinkhu umene pampu imakankha madzi umatsala gawo limodzi mwa anayi. Komanso madzi a Lusaka ali ndi laimu wambiri, amene amaunjikana pa foot valve mpaka yosatsekanso bwino.

Choti muchite

Mangani mwala kuchingwe, muyese kuchokera pa pampu kufika pamwamba pa madzi, makamaka mutatungako kale. Zikapitirira mamita 6, tsitsani pampuyo pafupi ndi madzi kapena mugule submersible, imene imakhala m'madzi momwemo n'kumakankha kuchokera pansi. Zikapanda kufika, zimitsani, masulani kachitseko ka pamwamba pa pampu, thirani madzi mpaka asefukire, mudikire mphindi khumi. Akatsika, foot valve ikudontha kapena joini ina ikulowetsa mpweya. Masulani, mutsuke, mumange ndi thread tape yatsopano. Foot valve imire theka la mita, koma isagunde matope. Paipi yolowetsa isachepe kuposa khomo la pampu, ndipo izikwera mosalekeza, popanda linunda losunga mpweya.

Mukamva phokoso ngati muli timiyala, madzi akuchita thovu pa impela ndipo akuidya. Tsekani pang'ono valavu ya kotulukira. Ya kolowera musaikhudze.